Kompyuta m'Bokosi la Wayilesi ya Atate: Kabuku ka Mabanja a ku Chitungwiza

Mawu oyamba

M'nyumba zambiri za kuno ku Chitungwiza, kuyambira ku St Mary's, kudzera ku Zengeza, kufikira ku mayuniti a ku Seke, munthu akalowa m'chipinda chochezera ndi kuponya maso pakona, adzaona bokosi lalitali la matabwa, loimirira pa miyendo inayi yowonda, limene eni nyumba adaliveka kansalu koluka ndi kuikapo chithunzi cha ukwati, Baibulo ndi duwa la pulasitiki. Ndipo akafunsa ana kuti chimenechi nchiyani, adzamuyankha kuti ndi tebulo la agogo, osadziwa kuti bokosi limenelo ndilo lidali pakamwa pa nyumba yonse, ndi kuti kudali masiku amene likatsegulidwa madzulo, ngakhale khanda limatontholetsedwa kuti akulu amve nkhani.

Makolo athu, amene adachoka ku Nyasaland ena pa miyendo, ena pa malole a Ulere, ena m'manja mwa bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a Salisbury, adaiyamba wayilesi ndi kakang'ono kaja kotchedwa Saucepan Special, kamene kadafika mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo kadawatengera mawu a Chinyanja kuchokera ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Pambuyo pake, amene Mulungu adawadalitsa ndi kangachepe adasunga mwezi ndi mwezi kufikira adagula gumbagumba ya Supersonic, yopangidwa ku Bulawayo, yokhala ndi wayilesi mbali ina ndi poimbira malekodi mbali ina. Pamene mabanja amasamukira kuno, kumene mu 1978 St Mary's, Zengeza ndi Seke zidaphatikizidwa kukhala Chitungwiza, mabokosi amenewa adakwezedwa pa malole mosamala koposa mabedi.

Lero zam'kati mwa ambiri a iwo zidafa, pamene ana a m'nyumba zomwezo akusowa kompyuta yolembera ntchito za kusukulu ndi yokonzekera mayeso a ZIMSEC. Kabuku kano kalembedwa kuphunzitsa banja kumanga kompyuta yawoyawo m'bokosi lotere. Ambuye wathu adachenjeza za vinyo watsopano wothiridwa m'matumba akale, ndipo chenjezo limenelo likugwira ntchito ino kwenikweni, pakuti makina atsopano amatentha ndipo amafuna mpweya umene bokosi lakale silidakonzeredwe kupereka. Chifukwa chake ndidzachedwa kwambiri pa nkhani ya mpweya ndi ya magetsi, ndipo za kukongoletsa zidzabwera pambuyo.

Yambani mwapempha

Musanagwire sikuludalaiva, kumbukirani kuti bokosilo ndi chuma cha masiye, ndipo ngakhale lakhala m'nyumba mwanu zaka makumi awiri, alipo azakhali kapena amalume amene mumtima mwawo amaliyesa la mlongo wawo kapena la mbale wawo. Pitani mukawaone, muwafotokozere chimene mufuna kuchita, ndi kuwalonjeza kuti nkhope ya bokosilo siidzasinthika. Amene safunsa adadya phula. Ndipo mlandu wa pa banja umene ungabuke chifukwa cha bowo limodzi lobooledwa popanda chilolezo umatha zaka kuzirala.

Chachiwiri, itanani munthu wodziwa mawayilesi akale alione. Ngati likhoza kuimbanso ndi ndalama zochepa, lisiyeni liimbe, pakuti mafakitale amene adalipanga sadzapanganso lina, ndipo ine sindingakondwe kumva kuti kabuku kano kaphetsa wayilesi yamoyo. Funani lina lakufa kwa anansi kapena kwa ogulitsa zakale ku Mbare. Ndipo amene kwawo kulibe bokosi lotere asataye mtima: amisiri a matabwa a ku Glen View Area 8, kapena amene ali pafupi nanu ku Makoni ndi ku Chikwanha, mukawapatsa chithunzi ndi miyeso adzakukhomerani longa lomwelo. Ngati thumba lilola, pemphani thabwa la mlombwa, limene anzathu Achishona amati mukwa, poti ndi lolimba ndipo likapakidwa mafuta limaoneka ngati la kalekale.

Bokosi lakale liyang'aneni pansi ndi kumbuyo. Mukaona timabowo tating'ono ndi ufa wa thabwa ukugwa, dziwani kuti lafumbwa. Lipakeni mankhwala a matabwa panja, pamthunzi, ndi kulisiya liume masiku angapo lisanalowenso m'nyumba. Miyendo yogwedera imangeni ndi guluu wa matabwa tsopano lino, pamene mulibe katundu m'kati.

Kuchotsa zam'kati

Zulani pulagi kukhoma, ndipo ngati wayilesi idayatsidwapo posachedwa, idikireni tsiku lathunthu. Mawayilesi a mavavu, aja okhala ndi timabotolo tagalasi toyaka m'kati, ali ndi makapasita amene amasunga magetsi a mavoti mazana angapo ngakhale atazimitsidwa. Musakhudze ndi chala pansi pa chitsulo chonyamula zipangizozo. Mukapeza kachinsalu kotuwa konga katoni komatidwa pa thabwa pamwamba pa mavavu, musakapale, musakathyole, musakapemerere, chifukwa ena mwa mawayilesi akale adatetezedwa ku kutentha ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapu. Pamenepo itanani wodziwa.

Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule. Zotembenuza za kumaso zina zimazuka pongokoka, zina zili ndi kasikuluu kambali. Zisungeni m'chitini pamodzi ndi masikuluu onse. Chitsulo cha wayilesi ndi chozungulitsira malekodi muziike m'katoni, mulembepo dzina, ndi kuzisunga pouma, kuti ngati mdzukulu wina adzafuna kubwezera zonse m'malo mwake, adzapeze palibe chosowa. Sipika isiyeni pamene ili, poti tidzaigwiritsa ntchito.

Galasi la manambala, lija limene singano imayendapo, ndilo diso la bokosi lonse, ndipo pa ena padalembedwa maina a mizinda yakutali imene makolo athu amaimvera usiku. Zilembo zake zidadindidwa kumbuyo kwa galasi ndi utoto wosalimba. Kumaso mungapukute ndi kansalu konyowa pang'ono. Kumbuyo musayerekeze kufikitsako madzi kapena sopo, pakuti zilembo zimene zapirira zaka makumi asanu zimachoka ndi mpukuto umodzi.

Kusankha makina

Tengani tepi muyeze m'kati mwa bokosi utali, m'lifupi ndi kuya kwake, mulembe pa pepala, ndipo pepalalo mupite nalo kogula. Njira zilipo zitatu, ndipo ndidzanena poyera imene ndiikonda.

Yoyamba ndiyo kugula kompyuta yaing'ono ya mu ofesi imene idagwirapo ntchito, monga Dell OptiPlex kapena inzake ya HP kapena Lenovo, zimene zimapezeka m'masitolo a zamagetsi a m'tauni ya Harare, monga a ku Gulf Complex, ndi kuilowetsa yathunthu, ndi chikopa chake chachitsulo, m'chipinda chimene mudali malekodi. Kwa banja limene likuyamba kumene, iyi ndiyo njira yanzeru, chifukwa amene adaipanga adakonzeratu kayendedwe ka mpweya ndi chitetezo cha magetsi m'kati mwake, ndipo inu ntchito yanu ingotsala yoipatsa popumira. Zina ndi zazing'ono ngati Baibulo la paguwa, ndipo zimadya magetsi kudzera pa chaja yonga ya laputopu.

Yachiwiri ndiyo kumanga chiwalo ndi chiwalo pa motherboard, ndilo bolodi lalikulu limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo. La mtundu wa Mini-ITX ndi la masentimita 17 mbali zonse. La microATX limafika masentimita 24.4, ndipo power supply, kabokosi kachitsulo kogawira magetsi ku ziwalo, kamafuna malo a masentimita 15 m'lifupi, pafupifupi 9 msinkhu ndi 14 kuya. Njira iyi ndi ya amene ali ndi mnyamata kapena mtsikana amene adatsegulapo kompyuta. Chenjezo limodzi: makina ambiri a mu ofesi ali ndi mapulagi awoawo a m'kati, kotero mukachotsa bolodi m'makina otere, litengeni pamodzi ndi power supply yake, musasakanize.

Yachitatu ndiyo Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja, kamene kadayamba kugulitsidwa ku Britain mu 2012. Ka mtundu wa 4 kamayenda ndi mavoti 5 okha, ndipo kamadya magetsi ochepa kuposa babu, kotero nyumba yodalira sola yaing'ono ingakasankhe. Koma mphamvu zake nzochepa, ndipo Windows ya masiku onse siikhalapo.

Pa njira yoyamba ndi yachiwiri, funani purosesa ya Core i5, RAM ya magigabaiti 8, ndi SSD ya magigabaiti 240 kapena kuposerapo. SSD ilibe chozungulira m'kati, motero siiopa kugwedezeka kwa sipika kapena maginito ake. Musapereke ndalama musanaone makinawo akuyaka pamaso panu, ndi kuonetsedwa pa sikirini kuti RAM ndi SSD ndi zomwezo zimene mwauzidwa. Wogulitsa wokhulupirika sakwiya ndi pempho lotere.

Za mpweya

Apa ndipo pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani muwerenge gawo lino kawiri.

Ine amene ndikulemba ndidalakwa pomwepa. Pamene ndidamanga yanga yoyamba m'gumbagumba ya malemu atate anga, mtima udandiwawa kucheka thabwa la kumbuyo, ndipo ndidadzinyenga ndekha kuti timabowo timene adaboola opanga wayilesi tikwanira. M'miyezi yozizira zonse zidayenda bwino, ndipo alendo adayamikira. Koma tsiku lina la October, dzuwa lili paliwombo, malata akulira ndi kutentha, mwana wanga wamkazi ali pakati pa kulemba ntchito ya kusukulu, makina adazima okha osatsazika. Nditatukula chivundikiro, mpweya wotentha udandiwomba kumaso monga mmene umachitira ukavundukula mphika wa nyemba. Ndipo nditasuzumira kumbuyo ndidapeza kuti kansalu koluka kamene kadayalidwa pamwamba kadalendewera ndi kutseka ngakhale timabowo tochepato, pamene m'mapiko a fani mudali fumbi lofiira lolukana ngati thonje. Ntchito ya mwanayo ya maola awiri idatayika, ndipo misozi yake idandiphunzitsa chimene akulu adanena za chikomekome cha nkhuyu: kunja kunali ulemerero, m'kati munali ng'anjo.

Lamulo lake ndi ili: mpweya wozizira ulowe pansi, wotentha utuluke pamwamba, ndipo njira yake ipite pa makina. Chotsani thabwa lakale la kumbuyo mulisunge m'katoni muja, ndipo m'malo mwake muchekere lina la pulaiwudi, limene mungaliboole popanda chisoni. Chakumunsi kwake boolani khomo lolowera mpweya. Chakumtunda, mbali ina, boolani bowo lozungulira la fani ya masentimita 12, imene imayenda ndi mavoti 12 ndipo imakankha mpweya wambiri mopanda phokoso kusiyana ndi zing'onozing'ono. M'mbali mwa fani muli timivi tiwiri: kamodzi kamaonetsa kumene mapiko amazungulira, kena kumene mpweya umapita. Kachiwirika kaloze kunja. Ngati timivi tafufutika, gwirani kapepala kopepuka patsogolo pake ikamazungulira, ndipo kadzakuuzani.

Makomo onse awiri muwatchinge ndi sefa wa waya wonga wa pa zenera. Pa khomo lolowera onjezani kansalu ka neti ya udzudzu kamene mungakachotse ndi kukachapa, chifukwa mphepo ya August ikayamba kunyamula dothi la m'misewu yathu, fumbi limalowa ngakhale m'nyumba yotseka. Sefayo atchinganso mphemvu, zimene zimakonda malo ofunda ndi amdima, ndipo zikamanga mudzi pa bolodi zimaliwononga ndi ndowe zawo. Mipata yonse imene mawaya amatulukira muitseke bwino pa chifukwa chomwecho.

Ngati mwalowetsa kompyuta yathunthu, onani kumene imakokera mpweya ndi kumene imautulutsira, ndipo muiike motero kuti kotulutsirako kuyang'ane fani yanu. Isapume mpweya womwe yatulutsa. Bokosi lonse litalikire khoma ndi masentimita 10, ndiko kuti m'lifupi mwa chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo lisakhale pamene dzuwa la masana limagwa kudzera pa zenera. Amayi a nyumba asalandidwe kansalu kawo koluka, poti nakonso ndi ulemu wa bokosilo. Koma kapindidwe kuti kasalendewere kumbuyo.

Kumanga ziwalo

Amene mwasankha njira yachiwiri, musakhomere bolodi pa thabwa mwachindunji. Pezani chikopa cha kompyuta yakufa, muchekepo chitsulo chija chimene bolodi limagonapo, pamodzi ndi mbali yake ya kumbuyo yotulukira mapulagi, musalaze m'mphepete mwake ndi fayilo, ndipo chitsulo chimenecho ndicho muchimange pa thabwa. Bolodi likhale pa timiyendo take tamkuwa, totalika ngati mamilimita 6, kamodzi pa bowo lililonse la sikuluu. Kamwendo kotsala pamalo popanda bowo kachotseni, chifukwa kakakhudza pansi pa bolodi kamachititsa shoti. Power supply imangidwe pokhudzana ndi chitsulo chomwecho, kuti zonse zikhale pa waya mmodzi wa ethi, ndipo fani yake ikhale ndi bowo lakelake lopumira.

Kuboola ndi kucheka konse kutheretu, utuchi usesedwe, musanalowetse chiwalo chilichonse. Gwirani ntchito pa tebulo la matabwa, pulagi ili yozula, ndipo musanagwire bolodi kapena RAM yambani mwakhudza chitsulo chachikulu, makamaka m'miyezi youma imene juzi imathetheka povula. Ziwalo zigwireni m'mphepete. RAM ili ndi kampata kamene kamalola kulowa mbali imodzi yokha. Ikakana, itembenuzeni, musaikakamize. Pa purosesa pukutani phala lakale louma, muikepo latsopano lochuluka ngati njere ya nandolo, ndi kumanga choziziritsira chake mopingasa, pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya. Masikuluu a bolodi amangidwe ndi mphamvu ya zala. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo bolodi losweka chifukwa cha changu silimatika.

Yesani makina ali pa tebulo musanawalowetse m'bokosi. Mawaya muwamange m'mitolo ndi kuwagoneka m'mbali, kutali ndi mapiko a fani.

Za magetsi

Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 220 mpaka 240, ndipo amapha. Waya wakale wa wayilesi, ngakhale aoneke wabwino, mphira wake udauma, musamugwiritsenso ntchito. Gulani watsopano wa pulagi ya mano atatu, yokhala ndi fyuzi ya maampu 5. M'kati mwake waya wa bulauni ndiye wamoto, wa buluu ndiye wobwerera, ndipo wobiriwira ndi chikasu ndiye wa ethi, amene amatengera magetsi osokera pansi kuti asadzere m'thupi la mwana wanu. Ngati soketi ya kukhoma ilibe ethi, itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito yake. Kulowetsa mawaya osasenda bwino m'soketi ndi machesi, monga timaonera m'nyumba zina, ndiko kuitana moto pa bokosi la matabwa ouma.

Ma power supply ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakhale pa 230. Kakakhala pa 115 makina adzapsa pomwepo. Ndipo kabokosi kameneka musakatsegule konse: kakafa, kasintheni.

Tonse tikumbukira 2019, pamene madzi adachepa ku Kariba ndipo magetsi amazima mpaka maola 18 pa tsiku. Ndipo kuzimazima sikudatheretu. Chimene chimapha makina kawirikawiri ndi mphindi imene magetsi akubwerera, pakuti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Choncho gulani chotetezera chija amati surge protector, ndipo phunzitsani aliyense wa m'nyumba, kufikira wamng'ono, kuti magetsi akazima azimitse pakhoma, ndipo akabwera adikire mphindi zisanu asanayatse. M'nyengo ya dzinja, mabingu akayamba, zulani pulagi yeniyeniyo, chifukwa mphezi siitchingidwa ndi switchi. Amene ali ndi invata kapena UPS alumikizepo kompyuta, kuti mwana apeze mpata wosunga ntchito yake.

Mayi wosunga ndalama za mayuniti a magetsi asade nkhawa. Kompyuta yaing'ono ya mu ofesi pamodzi ndi sikirini yake, pa ntchito yolemba ndi kuwerenga, zimadya ngati mawati 60; pa maola 5 ndiwo magawo atatu a magawo khumi a yuniti imodzi, kotero yuniti imodzi imakwana madzulo atatu.

Chinthu chimodzi ndichinene mwamphamvu, popeza ndi chizolowezi cha nyumba zambiri: magetsi akazima, kandulo isaikidwe pamwamba pa bokosili, ngakhale m'sosala. Chimodzimodzinso kapu ya tiyi ndi botolo la maluwa la madzi.

Kubwezera ulemerero wake

Tsopano tafika pa gawo lokondweretsa mtima. Mabokosi ambiri a fakitale ali ndi khungu lopyapyala la thabwa lokongola lomatidwa pa thabwa wamba, ndipo khungulo silifika milimita imodzi. Mukalipala ndi mphamvu mudzaliboola. Yambani ndi kansalu ndi sopo pang'ono, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti polishi yekha akwanira. Ngati vanishi adasweka, palani ndi dzanja, ndi sandipepala wa nambala 180 kenaka 240, motsata mitsempha ya thabwa, ndi kupaka vanishi mopyapyala kawiri kapena katatu. Amene mupaka mafuta a linseed, nsanza zake muziyanike panja zotambasula, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Zipsera zina zisiyeni. Pa langa pali bwalo loyera pamene atate amaika kapu yawo, ndipo sindidalole kuti lichotsedwe.

Kumbuyo kwa galasi la manambala ikani timagetsi ta LED ta kuwala kofiirira, totengera mavoti 5 pa USB, kuti kompyuta ikayaka galasilo liwale monga limawalira kale. Kuwala koyera kwa buluu kumaononga maonekedwe onse. Sipika yakale, ngati pepala lake silidang'ambike, idzalankhulanso mukailumikiza ku ampulifaya yaing'ono ya mavoti 5, ya mawati 3, imene imagwirizana ndi masipika a maomu 4 kapena 8. Chotembenuza chakale cha voliyumu chivekeni pa ndodo ya voliyumu ya ampulifayayo, kuti dzanja la agogo likapita pamene lidazolowera lipeze mawu akukwera.

Poyatsira kompyuta pamafunika batani lokhudzitsa mawaya awiri kwa kamphindi ndi kubwerera lokha. Mabatani a mawayilesi akale, aja onga a limba, ambiri amakanirira pansi akadinidwa, ndipo batani lokanirira limazimitsanso makina pakapita masekondi ochepa. Choncho bisani kabatani katsopano kobwerera kumbuyo kwa lakalelo, kapena pansi pa mlomo wa bokosi pamene sikaoneka, ndi kulumikiza mawaya ake ku timano tiwiri ta poyatsira pa bolodi.

Sikirini ingakhale pamwamba, kapena kumangidwa kunsi kwa chivundikiro pa mabowo ake anayi a kumbuyo, amene amatalikirana mamilimita 75 kapena 100. Koma mukatero limbitsani mahinjesi ndi kuika chochirikiza, kuti chivundikiro cholemera chisagwere zala za ana. Kiyibodi ndi mausi zopanda waya zimabisika m'kabati ya malekodi. Tulutsani soketi imodzi ya USB pambali, kuti ana asamakoke bokosi pofuna kulowetsa fulashi.

Kuyatsa ndi kusamala

Microsoft idaleka kusamalira Windows 10 mu October 2025, ndipo makina ambiri akale salandira Windows 11. Linux Mint ndi yaulere, imayenda bwino pa makina otere, ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Popeza data ndi yodula, ikanimo Kiwix, pulogalamu imene imasunga Wikipedia m'makina kuti ana awerenge popanda intaneti. Ikopeni kamodzi kumene kuli intaneti yabwino.

Tsiku loyamba isiyeni igwire ntchito maola awiri chivundikiro chili chotseka, masana kukutentha, ndipo muone kutentha kwa purosesa ndi kapulogalamu koyezera. Ikamadutsa madigiri 80 pa ntchito wamba, kulitsani khomo la mpweya kapena onjezani fani. Miyezi itatu iliyonse zulani pulagi, chapani kansalu ka sefa, ndi kuchotsa fumbi ndi burashi youma ya penti. Makina akayamba kuiwala tsiku ndi nthawi, sinthani kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bolodi. Zithunzi ndi makalata ofunika zikhalenso pa fulashi yosungidwa kwina.

Ndipo zonse zikatha, ana asanadzazemo nyimbo ndi mafilimu, ndikupemphani chinthu chimodzi. Ngati m'banja mwanu mukadali nkhalamba imene idawoloka Zambezi, kapena imene idamva za ulendowo pakamwa pa amene adawoloka, ikhazikeni pa mpando patsogolo pa bokosilo, tcherani foni ijambule mawu, ndipo muifunse mwaulemu dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma la kwawo, mfunda wawo, chaka chimene adanyamuka, ndi amene adatsala kumudzi. Mawuwo muwasunge m'kompyuta pansi pa dzina lawo ndi tsiku, muwakoperenso pa fulashi, ndipo muchite zimenezi mwezi uno.